Kunenepa kwa Basisi

Basisi anga anayamba kuonda chaka chimene mwana wawo wamkazi anapeza mwamuna. Ndiyambire pamenepo, pakuti zinthu ziwirizi zinayenda pamodzi mpaka kumapeto, ndipo ndikayesa kukamba chimodzi ndimapezeka ndalowa m'chinzake.

Tinabadwa awiri chabe, akazi tokhatokha, ku Matero kuno, mu Lusaka, m'nyumba imene atate anapeza atabwera kuchokera ku Malawi kudzafuna ntchito. Makolo atapita tinagawana nyumbayo. Basisi anatenga zipinda zakutsogolo, ine chakumbuyo, mmene muli makina anga osokera. Sukulu sindinapite nayo patali, chimene ndidziwa ndi tepi ndi sizasi. Basisi ankagulitsa salaula, zovala zija zakaunjika, makamaka majuzi, pa tebulo m'mbali mwa msewu wa maminibasi. Anali mayi wathupi, wa mikono yodzaza, ndipo pakamwa sankagonja kwa munthu. Zovala zawo ndinkasoka ndine kuyambira kale, ndiye thupi lawo ndinkalidziwa kuposa langa.

Amuna awo anali atamwalira zaka zingapo m'mbuyomo, ndi chifuwa. Mu komboni mwamuna akafa ndi chifuwa anthu amalira nawe bwinobwino, kenako amakhala pansi n'kumayang'ana mkazi wake.

Chimene ndinayamba kuona ine sikunali kuonda ayi, koma kutentha. Unali mwezi wa Juni, mphepo ija yoti m'mawa zala zimakana kugwira singano. Tonse tili pa mbaula, basisi ali panja ndi kabulauzi kopanda manja, akudzikupiza ndi katoni. Makasitomala ankawaseka.

"Bamayo, mugulitsa vinthu vamene imwe simuvala?"

Iwo amvekere, "Nanga ogulitsa mabokosi a maliro amagonamo?"

Kudya ankadya ngati anthu awiri. Mabanzi, chinangwa chokazinga, mbatata, chilichonse chodutsa pa tebulo lawo ankagula. Koma akangodya, kuchimbudzi. Manja ankanjenjemera mpaka tiyi kutayikira pa miyendo. Mtima unkagunda moti unkaonekera pa bulauzi. Ndipo thupi linkangopita. Masiketi awo ndinabweza, ndinabwezanso, mpaka ena ndinangowauza kuti awaike pa tebulo agulitse.

Anapita ku kiliniki kukayezetsa matenda aja amene aliyense ankaganizira. Sanawapeze nawo. Anadikira, anapitanso. Sanawapezenso. Anayezetsa chifuwa, shuga, malungo. Ankabwerako ndi mankhwala oletsa kutsegula m'mimba ndi mawu oti achepetse maganizo. Koma mu komboni yankho la ku kiliniki silikhala ndi mphamvu ngati yankho la pa pompi. Tsiku lina tikutunga madzi, mayi wina wa kuseri kwathu anawauza, mokoma mtima ndithu:

"Baneba, yambani chabe kumwa mankhwala. Ise tonse timwa. Onani ine mwamene nabwelela."

Basisi anati, "Ndimwe za chiyani, poti ndilibe?"

"Ee, tonse tinayamba so, ati nilibe."

Anthu anaseka. Basisi anasenza chigubu, madzi akugavikira pa mapewa chifukwa cha kunjenjemera, n'kumapita.

Nthawi yomweyo ndi imene nkhani ya ukwati inali itapsa. Mnyamatayo anali wa ku Chawama, wokonza mafiriji, makolo ake ochokera ku Kopala, dera la migodi. Zonse zinali zitayenda bwino, kutsala kichini pate, phwando lija la akazi okhaokha limene timachita ukwati usanafike. Mkwatibwi amalowa atafundidwa chitenje, ndipo amake ndi amake a mnyamata amakhala kutsogolo, mbali iyi ndi mbali iyo, anthu onse akuwayang'ana kuyambira masana mpaka dzuwa kupendeka. Palibe kobisala.

Amake a mnyamata, amene basisi ankawaitana basebele, anabwera kwathu ndi chitenje chimodzi chachitali, chobiriwira, kuti azimayi awiriwo adzavale zofanana. Wosoka ndinali ine. Ndinayamba kuyeza basebele, mayi wamkulu thupi, tepi inangotsala pang'ono kutha. Nditafika pa basisi tepi inazungulira n'kutsala yambiri ikulendewera. Ndinayesa kuikwinya m'manja msanga, koma basebele anali ataona. Anamwa tiyi, anatsanzika bwino.

Pasanapite nthawi mawu anatipeza. Akuti azakhali a mnyamata akufunsa ngati nyumba yathu ili bwino, ndipo ena akuti ukwati uyambe wadikira, aone kaye. Mtsikana wathu anatsekera chitseko n'kumalira. Basisi anabwera kuchipinda kwanga, anakhala pa mulu wa nsalu, anati:

"Iwe, mwana wanga asiyidwe chifukwa cha mafupa angawa?"

Ndinati, "Basisi, muwaonetse zimene anakuuzani ku kiliniki."

"Adzabwera kudzawerenga pa pate? Adzabwera kudzaona thupi. Ndikufuna thupi, basi."

Amene anabweretsa njira anali mlongo wa malemu amuna awo, wa ku Kanyama, amene tonse tinkamuitana bamulamu. Anafika ndi kapulasitiki ka timapilisi ting'onoting'ono togula ku msika wa m'tauni, botolo la mankhwala otsekemera ngati manyuchi, ndi chigubu cha madzi a mizu, akuda, owawa, akuti otsuka magazi. Anauza basisi kuti:

"Bamulamu, atsikana bonse ba matako bamene muona mu tauni, muganiza ni nsima? Ni ivi. Mwezi umozi chabe, simuzazibika."

Basisi anafunsa kuti amwe angati. Bamulamu anati ena amamwa awiri, koma popeza nthawi yachepa, akhoza kuwonjezera.

Pamenepa ndimaganizapo kwambiri. Mankhwala amenewa si achilendo kwa ife. Amagulitsidwa poyera, pafupi ndi mafuta odzola ndi mawigi. Ndasokerapo akazi ambiri amene amamwa. Ndiye panalibe amene anaona ngati tikuchita chinthu choopsa. Zinali ngati kugula ufa wodzola kumaso.

Ndipo zinagwira. Choyamba inali nkhope, inazungulira, masaya n'kubwerera. Kenako khosi. Kunena zoona khosi linali litayamba kale kudzaza kutsogoloku, pansi pa kholingo, ngakhale pamene thupi lonse linkatha, koma tsopano ndi nkhope yozungulira linaoneka ngati khosi la mayi wodya bwino. Kwathu kuno khosi lodzaza ndi ulemu. Akazi pa pompi anayamba kusintha nyimbo.

"Baneba, mukosi wabwela. Mwayamba kumwa ka?"

Basisi ankangoti, "Ndayamba kudya ndalama za mkamwini."

Pambuyo pake inabwera mimba, ndi miyendo. Nsapato zinayamba kuthina. Basisi ankaima pa galasi langa, kutembenuka uku ndi uku, akusisita mimba, akuseka ngati kale. Diresi la chitenje chobiriwira ndinali nditalisoka kale pa muyezo woonda uja. Ndinalimasula m'mbali. Patapita masiku ndinamasulanso, mpaka ndinachita kuikamo kansalu kena m'chiuno, kotsala pa chitenje chomwecho. Tinasangalala m'nyumba monse. Bamulamu ankayenda ngati dokotala.

Chinthu chimodzi chokha chinkandisokoneza. Mimba ikukula, koma mikono ikungoondabe, mapewa ali ngati hang'ala ya waya. Munthu akamanenepa amanenepa paliponse, ndimadziwa zimenezo chifukwa cha ntchito yanga. Ndinawauza. Anati, "Thupi limayamba pakati, kenako ligawira mbali zina. Iwe soka manja aakulu." Ndinasoka manja otukumuka, ndinaikamo nsalu yolimba mkati kuti aime okha, ofika mpaka pa mfundo ya dzanja.

Kutsegula m'mimba sikunasiye. Anayamba kudzikanda thupi lonse mpaka mabala. Mkodzo unada ngati tiyi wopanda mkaka. Maso anasanduka achikasu, tinati mwina ndi mizu ija ikutulutsa zoipa, pakuti bamulamu anali atanena kuti zoipa zidzatuluka. Ndiye tsiku lina masana anagwa pa tebulo lawo la majuzi. Anzawo ogulitsa anawanyamula kupita nawo ku kiliniki, ndipo a ku kiliniki atangoona maso ndi mimba anatitumiza ku chipatala chachikulu, kumene amaona matenda a m'mimba ndi chiwindi.

Ndinawaperekeza ndine. Tinakhala pa benchi kuyambira m'mawa, pakati pa anthu ena a maso achikasu, ena mimba zazikulu ngati ya basisi. Panali bambo wina woonda, mimba ili kutsogolo, akupuma movutika. Ndinamuyang'ana, ndinayang'ananso basisi. Basisi anaona kumene ndikuyang'ana, anati, "Uyo ndi wa kachasu. Ine ndinamwapo liti?"

Dokotala anali mtsikana wamng'ono ndithu, wolankhula pang'onopang'ono. Anawagoneka, anagogoda mimba ndi zala, anawatembenuza chammbali, anagogodanso. Anadina mwendo ndi chala, pamalopo panatsala dzenje. Anafunsa zimene akumwa. Basisi anati palibe. Ine ndinali nditatenga kapulasitiki kaja m'chikwama, ndinakatulutsa. Basisi anandiyang'ana diso loti tikaonana kunyumba.

Tikudikira kutenga magazi, kunabwera nesi wina amene anati iye ndi wa kafukufuku. Anafotokoza kuti akufufuza anthu odwala chiwindi, kuti aone ngati kanthu kena ka pakhosi kotchedwa chithokomiro kakugwira bwino ntchito, chifukwa ziwirizi akuti zimakhudzana. Anati sikukakamiza, akhoza kukana ndipo adzathandizidwabe chimodzimodzi. Akavomera, atengako magazi ena pang'ono.

Basisi anati, "Enanso? Mukufuna kukaphika?"

Nesi anaseka, anati, "Bamayo, ni kasupuni chabe."

"Tengani. Aliyense mu Lusaka muno anatengako kale magazi anga, inu mutsalirenji."

Nesiyo anawapempha kuti amwe madzi iye akuyang'ana pakhosi. Pomeza, chotupa chija chinakwera n'kutsika. Anawauza kuti atambasule manja, anaika kapepala pamwamba pa zala, kapepalako kanayamba kuvina. Anafunsa za kutentha, za mtima, za kuonda uku akudya kwambiri. Basisi anati, "Mwana wanga, wakuuza ndani zimenezi?" Chaka chonse panalibe amene anawafunsapo zinthu zimenezo pamodzi.

Titabwerera kukamva zotsatira, dokotala uja anatikhazika pansi. Ndikamba mmene ndinamvera ine, mwina mawu ena ndiphonya. Anati chithokomiro chili ngati munthu wokupiza mbaula ya thupi. Cha basisi chinkakupiza osapuma, usana ndi usiku, ndiye chakudya chonse chinkapsa chisanagwire thupi. Kuonda kuja, kutentha, kunjenjemera, kutsegula m'mimba, zonse zinkachokera pamenepo. Anati matendawa ali ndi mankhwala, ndipo anthu amachira n'kunenepa okha. Basisi anamwetulira, anandigunda ndi chigongono.

Koma dokotala anapitiriza. Anati chiwindi chinali chitatopa kale ndi kuthamanga kwa thupi, ndipo anapezanso kachilombo ka chiwindi kamene mwina anakhala nako kuyambira ubwana kali phee. Mapilisi aja ndi mizu zinabwera pamwamba pa zimenezo, zinadzutsa kachilomboko n'kumaliza kuwononga. Ndipo vuto lina, mankhwala a chithokomiro nawonso amadutsa m'chiwindi, ndiye sangangowapatsa mmene amapatsira ena. Ayenera kugonekedwa, aziwapatsa pang'onopang'ono akuyang'ana magazi.

Basisi anati, "Nanga thupi labwerali?"

Dokotala anati, "Amayi, si thupi. Ndi madzi. Chiwindi chikalephera, madzi amadzaza m'mimba ndi m'miyendo. Tikufuna tichotseko ena kuti muzipuma bwino, tiwayezenso."

"Mukachotsa ndidzaoneka bwanji?"

Dokotala sanamve bwino funsolo, anati adzapepukidwa. Ine ndinalimva.

Pate inali itatsala sabata ndi masiku. Basisi anati abwera ikatha. Dokotala anawauza mosabisa kuti masiku amenewo ndi ambiri kwa chiwindi chimene chafika pamenepa, kuti akhoza kusokonezeka mutu kapena kusanza magazi. Nesi wa kafukufuku uja anabweranso, anawagwira dzanja, anawachonderera ngati amake. Basisi anati:

"Ana anga, mwandithandiza. Mwandiuza dzina la matenda anga, ndipo si aja. Koma madziwa ndi anga, ndiwafuna Loweruka lija. Likatha mudzachotse onse, ngakhale ndi ndowa."

Anavomera chinthu chimodzi, kusiya mapilisi ndi mizu. Anapatsidwa mankhwala ochepetsa kuthamanga kwa mtima ndi ena ochotsa madzi pokodza. A mtima ankamwa. Ochotsa madzi ndinawapeza pambuyo pake ali osatsegula.

Mu minibasi pobwerera ndinalankhula mpaka kondakitala anatembenuka. Ndinati tiwauze basebele zoona, kuti ndi chithokomiro, matenda a pakhosi, sapatsirana, alibe manyazi. Basisi anati, "Chithokomiro. Iwe unalimvapo dzina limenelo usanapite kuja? Ukawauze anthu a ku Chawama kuti ndili m'chipatala ndi matenda amene sanawamvepo. Adzati tapeka dzina latsopano la matenda akale." Ndinati nanga tisunthe tsiku. Anati tsiku likasuntha silibweranso, azakhali aja akungodikira chifukwa. Anandiletsanso kuuza mwana. Ndinamuuzabe kuti amake akufunika kuchipatala. Anapita kukawagwadira, "Amayi, pate ilibe kanthu, tiyeni." Anamukalipira mpaka anatuluka akulira, ndipo ine sanandilankhule masiku awiri.

Mwina wina anganene kuti tikanawanyamula mokakamiza. Ndimaganiza zimenezo ndikakhala pa makina. Koma munthu wamkulu, wanzeru zake, woyenda yekha, mkulu wako amene anakulera, umamunyamula bwanji? Sindidziwa. Mpaka lero sindidziwa.

Loweruka lija ndinawaveka ndine. Diresi linakwana ndendende. Nsapato zinakana, anavala mapatapata atsopano, diresi linali lalitali linabisa. Kumaso tinapaka ufa wambiri. Za maso achikasu anali ataganiza kale, anatulutsa magalasi ofiirira amene anawapeza m'thumba la jekete la salaula. Duku lalikulu pamutu. Ataima, ndinaona mayi wolemera, wathupi, wa khosi lake. Ngakhale ine amene ndinkadziwa zimene zili mkati mwa manja otukumuka aja, maso anga anakhulupirira.

Pate inachitikira pa bwalo la nyumba ina yobwereka, matenti awiri, ng'oma za azimayi zikulira. Basisi atalowa, basebele anaimirira, anatambasula manja, anati kwa iwo:

"Basebele, ndimwe? Mwatiyofya chabe mahala. Onani mwamene mwaonekela."

Anatembenukira kwa azakhali aja, atakhala mzere wachiwiri, anati, "Imwe bamene munali kukamba, onani." Azakhaliwo anabwera mmodzimmodzi kudzapereka moni. Mmodzi anagwira basisi pa mimba mwanthabwala, anati, "Kapena muli na kamulamu kathu umu?" Anthu anaseka, basisi anati, "Mukandipezera bambo wake mundiuze."

Anakhala kutsogolo masana onse, msana uli chilili. Ine ndinali kumbuyo kwawo, ndinkamva mmene ankapumira, mofupikitsa, ngati munthu wokwera chitunda. Chakudya sanakhudze. Itafika nthawi yoti amake a mkwatibwi avine popereka mphatso, ndinawanong'oneza kuti ndivine ndine m'malo mwawo. Anandichotsa dzanja. Anaimirira, anamanga chitenje m'chiuno pamwamba pa madzi aja, anavina. Sanavine nthawi yaitali, koma anavina bwino, mwaulemu, akazi akululutira, mafoni ali m'mwamba kujambula. Mtsikana wathu, amene mwambo umafuna kuti ayang'ane pansi osaseka, misozi inkagwera pa chitenje, anthu n'kumati waphunzitsidwa bwino.

Tsiku la ukwati linatsimikizidwa pomwepo, azakhali akuombera m'manja.

M'mawa mwake ndinapita kutsogolo kuti tinyamuke, monga analonjezera. Ndinawapeza atakhala pansi, akupinda majuzi n'kumapindulanso. Anandiyang'ana ngati mlendo. Anandifunsa ngati atate abwerako ku ntchito. Nditawagwira anandimenya dzanja, anati ndine wakuba, ndabwera kudzaba katundu wawo. M'kamwa munkatuluka fungo lina lotsekemera, loipa. Tinapeza galimoto ya neba.

Anawagoneka. Madzi aja anachotsa ndi kapaipi, achikasu, ankadontha m'chigubu pansi pa bedi. Dokotala uja sanatikalipire, sananene kuti ndinakuuzani. Anangogwira ntchito yake. Masiku ena basisi ankabwerera, n'kutidziwa. Tsiku lina anandifunsa kuti, "Anthu anati bwanji?" Ndinati anthu onse akukamba za inu, akuti munaposa basebele. Anati, "Manja aja unasoka bwino." Kenako anayamba kusanza magazi, ndipo sabata yachiwiri isanathe anapita, masana, mwana wawo atawagwira phazi.

Ndinkaganiza kuti zovuta zathera pamenepo, koma pa maliro panabuka china. Anthu onse anali ataona basisi pa pate, onenepa, akuvina. Mafoni anali ndi zithunzi. Ndiye munthu wotere angafe bwanji m'masabata awiri? Bamulamu ndi amene anayamba, ali pakati pa azimayi m'nyumba ya maliro: "Munthu tinamunenepesa bwino bwino. Bamudyesa pa pate paja. Ni ba ku Chawama, nsanje." Mawuwo anayenda msanga. Achibale a malemu amuna a basisi anayamba kukana chakudya chimene basebele anabweretsa. Ena anati mwana wathu sangapite ku banja la mfiti.

Ndinayesa kufotokoza. Ndinati chithokomiro, ndinati chiwindi, ndinati mapilisi. Bamulamu anati, "Mapilisi yamene bamwa banthu bonse? Nanga bonse bafa?" Ndinalibe sukulu yoti ndimuyankhe nayo bwino. Ndinkangobwereza za mbaula, anthu n'kumandiyang'ana ngati chisoni chandizunguza mutu.

Tsiku loika, azimayi ochepa timapita m'mawa ku mochale kukasambitsa thupi ndi kuliveka. Ndinapempha kuti bamulamu apite, ndi basebele apitenso. Akuluakulu anati sebele sasambitsa, si mwambo. Ndinati apite chabe, akaime pakhomo. Basebele anavomera, ngakhale ankadziwa zimene zikukambidwa za iwo.

Tinavundukula nsalu. Madzi anali atachoka. Panatsala basisi enieni, mmene analili chaka chonse: nthiti zowerengeka, mikono ngati ya mwana, khungu la pamimba lokwinyika ngati thumba lopanda kanthu, lachikasu. Pakhosi pokha ndi pamene panali potupa. Basebele sanaime pakhomo, analowa, anagwira mkono uja, anauzunguliza ndi zala ziwiri, zala n'kukumana.

Anandifunsa motsitsa, "Pa pate paja, benze so?"

Ndinati, "Anali choncho. Manja a diresi ndinaika nsalu yolimba."

Anakhala pa benchi ya simenti, anaphimba nkhope ndi chitenje. Kenako anadzuka, anatenga kansalu, anayamba kusambitsa nafe, ndipo palibe anawaletsa. Bamulamu anayang'ana nthawi yaitali. Pomaliza anati, "Ndiye mwamene ichitila mankhwala ya banthu. Imamudya mukati." Anatuluka kukadikira panja.

Ukwati unachitika, mochedwa, mvula itayamba. Unali waung'ono. Basebele ndi amene anaumirira, anauza abale awo kuti aliyense wokambanso za nyumba yathu asabwere. A ku Kanyama sanabwere ngakhale mmodzi, ndipo mpaka lero mtsikana wathu akakumana ndi azakhali ake m'tauni amangodutsana. Pa mpando wa amake ndinakhala ine. Nesi wa kafukufuku uja anali atatiuza kuti matenda a chithokomiro nthawi zina amayenda m'banja, ndi kachilombo ka chiwindi komweko, ndiye ine ndi mtsikana tinakayezetsa. Zimenezo tikuzitsatira, timapita akatiitana.

Zithunzi za pate zikadali m'mafoni a anthu. Mwezi wathawu kunabwera mtsikana wina kudzasoketsa diresi, woonda, wamanyazi, wa ku komboni ya George. Ndikumuyeza anatulutsa foni, anandionetsa basisi akuvina, chithunzi chimene anamutumizira mnzake. Anati anamva kuti mayi ameneyu anali woonda kuposa iye, ndipo ananenepa mwezi umodzi. Anafunsa ngati ndine mng'ono wawo.

Ndinaika tepi pansi. Ndinamukhazika pa mulu wa nsalu, ndinamuuza zonse, kuyambira kutentha kwa mu Juni mpaka ku mochale. Ndinamuuza kuti ngati akuonda osadziwa chifukwa, apite akapemphe kuti amuone pakhosi. Anamvetsera bwino, mwaulemu, anapukutanso misozi pamene ndinafika pa mikono.

Atanyamuka, ali pakhomo, anatembenuka. "Koma anti, ngati munthu amwa tung'ono chabe, osachilitsa? Bagulitsa side iti mu maliketi?"